ZA NYIMBO NDI MAKWAYA: Mesiya wa Handel Ali pa Zimbale Zambiri, Kwaya Itsate Citi?

Mwezi wa October ukafika, dzuwa limaomba kwambiri mu mzinda wa Livingstone. Madzi a pa mathithi a Mosi-oa-Tunya amacepa ku mbali ya Zambia kufikira matanthwe aonekera poyera, ndipo m'machalichi a ku Maramba, ku Libuyu, ku Linda ndi ku Dambwa mumayamba kumveka makwaya akukonzekera nyimbo za Khrisimasi. Mwa nyimbo zimene aphunzitsi a makwaya amazilakalaka koma namaziopanso, yoposa zonse ndi ya Aleluya imene anapeka George Frideric Handel. Kwaya imene yaimba nyimboyi bwino imatamandidwa caka cathunthu, ndipo imene yasokonezeka nayo pakati pa njira siiwalika msanga.

Kwaya ina ya ku Maramba, ya oimba 26, inatsala pang'ono kupasuka cifukwa ca nyimbo imeneyi. Inali itaitanidwa kukaimba pa msonkhano wa makwaya a mipingo mu December, ndipo azimai anali atasonkha kale ndalama za nsalu ya yunifomu ndi za basi. Mkulu wina wa mpingo, amene anapuma nchito ya njanji ndipo waimba besi zaka zoposa 40, anasonkhanitsa amuna kunyumba kwake nawaphunzitsa ndi kaseti imene anajambula kalekale kucokera pa zimbale za galamafoni. Mnyamata woliza kibodi nayenso anatenga nyimbo yomweyo pa intaneti naitumiza pa mafoni a atsikana ndi azimai. Gulu liri lonse linaphunzira mwakhama masabata atatu.

Pa Ciweru pamene magulu awiriwa anakomana, anayambira pamodzi koma sanathere pamodzi. Asoprano ndi aalto anathamanga nasiya atena ndi abesi m'mbuyo. Ndiponso mau apamwamba, amene pa foni anali kufikirika bwino, pa kibodi anakhala ngati akwera, kotero kuti atsikana anayamba kupfuula m'malo mwa kuimba. Mnyamata uja anati: "Pepani atate, kaseti yanu ikoka nyimbo kwambiri. Masiku ano saimba cotero." Anzake kumbuyo ananong'onezana kuti tsobola wakale sawawa. Mkuluyo anamva, ndipo anayankha kuti: "Mwana wanga, mau a akulu akoma akagonera. Wanga uyu ndiye Mesiya weniweni. Ako aja aimba ngati anthu othawa mvula." Sabata lotsatira amuna asanu sanabwere ku maphunziro a kwaya.

Coonadi nciakuti onse awiri anali ndi Mesiya weniweni. Mkuluyo anali ndi cimbale ca Malcolm Sargent ca mu 1959, ndipo mnyamatayo anali ndi ca John Eliot Gardiner ca mu 1982. Kuti munthu amvetse cifukwa cake nyimbo imodzi imveka mosiyana cotere, ayenera kuyamba wadziwa mbiri yake.

MWINI NYIMBO

Handel anabadwira ku Halle m'dziko la Germany mu 1685, koma zaka zambiri za moyo wake anakhala ku London. Mu 1741 bwenzi lake Charles Jennens anamtumizira mau osankhidwa m'Baibulo la Cingerezi, ndipo Handel anawapekera nyimbo m'masiku 24 okha, kuyambira pa 22 August kufikira pa 14 September. Nchito yonseyo ichedwa Mesiya, ndipo pa zikuto za zimbale dzinali lilembedwa Messiah. Ndi nyimbo ya mtundu wa oratoriyo, ndiko kuti nkhani yaitali ya m'Malembo yoimbidwa ndi kwaya, ndi oimba paokha, pamodzi ndi zoimbira, popanda kucita sewero.

Iri ndi zigawo zitatu. Coyamba cinena za maulosi ndi kubadwa kwa Yesu, caciwiri za masautso, imfa ndi kuuka kwake, cacitatu za kuuka kwa akufa. Yonse itenga maola awiri ndi mphindi ngati 20. Monga mwa kawerengedwe ka buku la Novello, muli nyimbo 53, ndipo Aleluya ndi ya nambala 44, yotsekera cigawo caciwiri.

Inaimbidwa koyamba ku Dublin m'dziko la Ireland pa 13 April 1742, pamaso pa anthu 700. Ndalama za pakhomo, pafupifupi mapaundi 400, zinagawidwa ku zipatala ziwiri ndi ku nchito yothandiza anthu omangidwa cifukwa ca ngongole, ndipo 142 a iwo anatuluka m'ndende. Kwaya ya tsiku limenelo inali ya anyamata ang'ono 16 ndi amuna 16. Pamene Mesiya anaimbidwa mu 1754 ku Foundling Hospital, nyumba yolereramo ana otayidwa ku London, kwaya inali ya anthu 19, ndipo oimba paokha asanu anali kuithandiza. Cotero kwaya ya Handel mwini inali yolingana ndi makwaya ambiri a m'midzi ya ku Petauke, ku Katete kapena ku Chadiza.

Handel anamwalira mu April 1759 naikidwa m'chalichi ca Westminster Abbey, momwemo mmene mu 1874 munaikidwa thupi la David Livingstone, mwini dzina la mzinda wa pa mathithi, amene mtima wake unatsala kwa Chitambo.

CIFUKWA CAKE ZIMBALE ZISIYANA

Mwini wake atafa, nyimboyi inayamba kukula. Mu 1784, pa mwambo wokumbukira Handel mu Westminster Abbey, oimba ndi oliza zoimbira anaposa 500. Mu 1789 Mozart ku Vienna anaonjezeramo zitoliro ndi malipenga zimene Handel sanalembe. Mu 1857 ku Crystal Palace ku London kunali oimba 2,000 ndi oliza zoimbira mazana angapo. Khamu lotere silingathamange, pakuti mau a munthu wa ku mapeto atenga nthawi kuti afike pakati. Motero nyimbo inayamba kuimbidwa pang'onopang'ono ndi molemera, ndipo anthu anazolowera kuyesa kuti ndimo inalembedwera.

M'zaka zomwezo mbusa wina wa ku England, John Curwen, anafalitsa njira yowerengera nyimbo ndi solofa, ija ya doh, re, mi, imene inayambidwa ndi Sarah Glover wa ku Norwich. Njirayi inafika m'masukulu ndi m'machalichi a mishoni m'maiko a Africa, ndipo kufikira lero aphunzitsi ambiri a makwaya alemba nyimbo zao pa bolodi ndi solofa. Sicodabwitsa tsono kuti akuluakulu amene anaphunzira kwa aphunzitsi a mishoni akonda Aleluya wolemera ndi wodekha.

Pakati pa zaka za m'ma 1900 akatswiri anayamba kufufuza mapepala a Handel kuti aone zimene analembadi. Mu 1959 Watkins Shaw anatulutsa buku la Mesiya lotsata mapepalawo, m'malo mwa lija la Ebenezer Prout la mu 1902 limene makwaya ambiri anali kugwiritsa nchito. Kucokera pamenepo makwaya anayamba kucepanso ndi kuimba mopepuka. Anapezanso kuti Handel mwini sanali kuimbitsa Mesiya mofanana caka ndi caka. Anali kusintha nyimbo za oimba paokha molingana ndi anthu amene anali nao, monga mu 1750 pamene analembanso zina cifukwa ca woimba wa ku Italy, Gaetano Guadagni. Palibe cimbale cimene cinganene kuti cokha ndico coona.

MABANJA ATATU A ZIMBALE

Banja loyamba ndi la makwaya akuluakulu. Mwa ilo muli ca Sargent ca mu 1959, coimbidwa ndi Huddersfield Choral Society, kwaya ya kumpoto kwa England imene inayamba mu 1836. Mau ake ndi odzaza ngati mtsinje wa Zambezi mwezi wa April. Mulinso ca Thomas Beecham ca caka comweco, cimene zoimbira zake zinakonzedwa ndi Eugene Goossens, naikamo ngakhale azeze ndi zinganga zacitsulo zimene Handel sanazilembe konse. Zimbale izi zikoma kumvetsera munthu atakhala pansi, koma zibvuta kuphunzirirapo, cifukwa zoimbira ziphimba mau a alto ndi tena.

Banja laciwiri ndi lapakati. Lochuka mwa ilo ndi la Colin Davis la mu 1966, loimbidwa ndi London Symphony Orchestra ndi kwaya yake. Zoimbira ndi za masiku ano, koma oimba ndi ocepa, amuna ndi akazi, ndipo liwiro lake nlopepuka. Charles Mackerras anajambula cina cotere pa nthawi yomweyo.

Banja lacitatu ndi la iwo amene aliza zoimbira zopangidwa monga za m'masiku a Handel. Ca Christopher Hogwood cinatuluka mu 1980, ndipo citsata kaimbidwe ka mu 1754 kaja, ndi anyamata ang'ono a kwaya ya Christ Church ku Oxford poimba soprano. Ca Gardiner ndi Monteverdi Choir cinajambulidwa mu 1982. Ca Harry Christophers ndi kwaya yochedwa The Sixteen cinatuluka mu 2008. Pa zimenezi mau onse anai amveka mbee, koma liwiro lake lifuna anthu ozolowera.

Kulinso cimbale ca mu 1992 cochedwa A Soulful Celebration, pamene oimba akuda a ku America, pamodzi ndi Quincy Jones, anasandutsa Mesiya kukhala nyimbo za gospel. Acinyamata acikonda, ndipo ncokoma ndithu, koma sicigwirizana ndi buku. Wophunzira pamenepo waphunzira nyimbo ina.

ZINAI ZOYENERA KUYESA

Coyamba ndi kuculuka kwa oimba. Kwaya ya anthu mazana ikhoza kugwira liu limodzi nthawi yaitali cifukwa ena apuma pamene anzao akali kuimba, ndipo womvera sazindikira. Kwaya ya anthu 20 kapena 30, yokhala ndi atena atatu okha, iribe mwai umenewo. Ikatsata liwiro la Sargent mpweya uthera panjira, mau atsika, ndipo pofika ku mapeto makosi auma. Ng'oma yolira sikhala kusweka. Kwaya isankhe cimbale ca oimba amene ciwerengero cao ciyandikira cake.

Caciwiri ndi kukwera kwa mau. Zoimbira za masiku ano, pamodzi ndi kibodi ya m'chalichi, zikungidwa kuti liu lochedwa A linjenjemere nthawi 440 pa sekondi imodzi. Oliza zoimbira za makedzana ambiri atsata 415, ndiko kutsika theka la sitepe. Buku linena kuti pa Aleluya doh ndi D, koma pa zimbale za banja lacitatu doh ameneyo amveka pansi pang'ono. Ici ndico cinasokoneza atsikana a ku Maramba. Pa foni anali kufika bwino pa soh wapamwamba, amene ali liu lokwera koposa la soprano m'nyimboyi, koma pa kibodi analipeza litakwera. Mnyamata uja anayamba kuganiza kuti kibodi yaonongeka, pamene inali bwino. Kaseti yakale kapena wailesi ya mabatire ofooka nayonso itsitsa mau ndi kucedwetsa nyimbo. Mphunzitsi wanzeru ayamba waliza doh pa kibodi kapena pa kacitoliro kopatsira liu, namuyerekeza ndi wa pa cimbale.

Cacitatu ndi kumveka kwa mau onse anai. Mu Aleluya muli malo atatu oyesera. Pali pamene kwaya yonse itsitsa mau niimba pamodzi mofatsa za ufumu wa dziko lapansi. Pali pamene abesi ayamba okha mzere wonena za kulamulira kosatha, kenaka atena, kenaka aalto, potsiriza asoprano. Ndipo pali kacetecete kamene kadza mwadzidzidzi Aleluya wotsiriza asanaimbidwe. Ngati womvera akhoza kutsata alto kuyambira polowa kufikira potuluka pa malo aciwiriwo, cimbaleco ncabwino kuphunzirirapo. Ngati amva soprano ndi malipenga okha, acisunge ca pa Sondo madzulo.

Cacinai ndi kugwirizana ndi buku. Mau anai a kwaya mu Aleluya sasintha kwenikweni m'mabuku osiyana, koma nyimbo za oimba paokha zisiyana: ina imene pa cimbale cimodzi iimbidwa ndi besi, pa cina iimbidwa ndi alto. Zimbale zina zakale zinadumpha nyimbo zingapo, ndipo zina ziri ndi nyimbo zosankhidwa cabe. Mesiya wathunthu adzaza ma CD awiri kapena atatu. Wogula kapena wokopera pa intaneti ayang'ane maina atatu: la wotsogolera, la kwaya, ndi caka. Nyimbo imene yafika pa foni yopanda maina amenewa iri ngati mbeu yogula pa msika yopanda cikalata: ingamere, koma mwini munda sadziwa cimene wabzala.

MLANDU UNATHA COTANI

Amene anathetsa mkangano wa ku Maramba ndi amai ophunzitsa kwayayo, amene ali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale. Iwo anapita kunyumba kwa mkulu uja nawapempha kuti: "Atate, bwerani nayo kaseti yanu pa Citatu. Ana awa sanaimvepo." Anauzanso mnyamata uja kuti abwere ndi sipika, ndipo iwo eni anabwera ndi cimbale ca Davis pa memori khadi ndi buku la solofa.

Tsikulo sanayambe ndi kuimba. Anayamba awerenga m'Buku Lopatulika ndime zitatu zimene Jennens anatengako mau a nyimboyi, ndizo Cibvumbulutso 19:6, 11:15 ndi 19:16, pakuti ambiri anali kuimba Cingerezico osadziwa tanthauzo lake. Kenaka anamvetsera Aleluya katatu, pa zimbale zonse zitatu, buku liri m'manja, ali yense akutsata mzere wake ndi cala. Pa ca Sargent acinyamata anakhala duu, ndipo mtsikana wina anabvomera kuti tsitsi linamnyamuka pa malo aja ofatsa. Koma amaiwo atauza atena atatu kuti agwire liu limodzi utali wa pa kasetiyo, mpweya unawathera. Pa ca Gardiner mkulu uja anamva mzere wa abesi poyera monga sanaumvepo kale, ndipo anapeza kuti pa malo amodzi wakhala akuimba liu la atena zaka zonsezi. Anaseka yekha napukusa mutu.

Anagwirizana kutsata ca Davis, cifukwa doh wake alingana ndi wa kibodi, oimba ake ndi amuna ndi akazi monga iwo, ndipo mau onse anai amveka. Komabe amaiwo sanatenge liwiro la Davis monga liri. Chalichi cao nca njerwa ndi malata, ndipo mau abwerera m'makoma, motero anacepetsako pang'ono kuti mau asapombonezane. Analamulanso kuti masabata awiri otsiriza sipika isalowenso m'chalichi, kuti maso a oimba akhale pa dzanja la mphunzitsi. Amuna asanu aja anabwerera. Mu December onse 26 anakwera basi, ndipo pa kacetecete kaja ka pa mapeto panalibe ngakhale mmodzi amene anatsogola.

KWA MAKWAYA A M'MIDZI

Zimene zinacitika ku Livingstone zicitikanso m'midzi, makamaka tsopano pamene mabanja ambiri ali ndi foni. Kale bvuto linali kusowa pomvera nyimbo. Lero bvuto ndi kuculuka kwake, pakuti oimba khumi akhoza kubwera ndi Aleluya khumi osiyana, ali yense nakhulupirira wake. Komiti ya kwaya ikhale pansi isanayambe kuphunzira, isankhe cimbale cimodzi, ndipo wopita ku boma kumene netiweki igwira bwino akacikopere pa memori khadi kuti onse amvere comweco.

Kwaya yoimbira pansi pa mtengo kapena m'chalichi ca udzu ikumbukire kuti pamenepo mau sabwerera, cotero liu lokokedwa kwambiri lifera m'malere. Yoteroyo iyenera kuyenda mopepuka. Ngati asoprano alephera kufika pamwamba, si cimo kutsitsa doh ndi theka la sitepe kapena sitepe yathunthu, malinga abesi akhoza kufika pansi. Handel mwini anali kukonza nyimbo zake molingana ndi makosi a anthu amene anali nao. Ndipo kwaya imene siinakhwime isayambire pa Aleluya. Nyimbo ya nambala 4, yocokera pa Yesaya 40:5, njofupika ndipo iphunzitsa magulu anai kulowa mosinthana. Ya nambala 12, yocokera pa Yesaya 9:6, iyenerana ndi Khrisimasi koma iri ndi mau othamanga amene afuna miyezi yambiri. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Cimbale ndi mphunzitsi wothandiza, koma sicidziwa kuti m'kwaya muli atena angati, kapena kuti denga la chalichi nlotani. Odziwa zimenezi ndi mphunzitsi wa kwaya ndi oimba ake. Akulu asunge makaseti ao ndi kuwamvetsa ana, pakuti muli ulemu ndi kudekha kumene acinyamata ayenera kuphunzira. Acinyamata nawonso abwere ndi mafoni ao modzicepetsa, pakuti muli zambiri zimene akulu sanakhale ndi mwai wozimva. Anthu 32 a ku Dublin anaimba nyimboyi kuti odwala athandizidwe ndi andende amasulidwe, ndipo ncamanyazi kuti nyimbo yomweyo igawanitse abale a mpingo umodzi.